Zikomo, Bwana Mkulu, Chifukwa cha Makina Otaya Nshawa Zabwino

Nabvutika, Chipata,
Lolemba, sabata yachiwiri ya Novembala.

Kwa Bwana Mkulu Woyendetsa Zonse,
Kampani ya Nshawa ya Kholophethe,
Ofesi ya Pamwamba, Lusaka.

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ndayamba ndagwada, ngakhale simukundiona. Ine ndine Lenia Miti, wantchito wanu wa ku shedi ya ku Chipata. Kwa zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikukusankhirani nshawa, zomwe anzathu a tsidya la Mchinji amati mtedza. Inu simundidziwa, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Nanenso ndimangokudziwirani pa chithunzi chija chili pakhoma mu ofesi ya kapitawo, pamene mukumwetulira mutagwira khasu latsopano lomwe kapepala ka mtengo kadakali pampini.

Kalata ino ndailemba poyera kuti aliyense awerenge, chifukwa makalata atatu omwe ndinaponya m'bokosi la maganizo la pa shedi adakali momwemo. Ndimawasuzumira pa kabowo m'mawa uliwonse, ali bwinobwino, angochita fumbi. Kiyi wa bokosilo akuti ali ku Lusaka.

Sindikulemba kuti ndidandaule. Munthu wolekeza Giredi 9 angadandaule chiyani kwa munthu amene anakwera ndege kukagula makina? Ndikulemba kuthokoza. Kumapeto ndili ndi kapempho kamodzi kakang'ono kokhudza amai Magalita Soko, amene mwawaitanira ku mlandu Lachisanu likubwerali kuti muwachotse ntchito. Koma ndiyambe ndi zikomo, monga anatilelera makolo.

Choyamba, zikomo chifukwa chotipumitsa.

Tinali amai 41 pa matebulo aatali a m'shedi, misana yopindika, zala zofiira ndi khungu la nshawa. Mu Juni munabwera lole itanyamula makina osankhira nshawa, obiriwira, aatali moti anachita kusasula malata awiri kuti alowe. Tinapatsidwa zakumwa zoziziritsa kukhosi, botolo limodzi anthu awiri, ndipo kapitawo wathu, a Wilbroad Ngoma, anatiwerengera uthenga wanu atavala tayi. Mawu ake ndinawasunga: munati makina sadzalanda munthu ntchito, adzangomumasula kuti akachite zinthu zapamwamba. Tinaomba m'manja, ena mpaka nthungululu.

Sabata yotsatira amai 39 anamasulidwa. Sindinaonepo anthu omasulidwa akulira chonchija, koma mwina n'chifukwa chosazolowera ufulu. Ndipo mawu anu sanagwe pansi, chifukwa mnzanga Agnesi anayambadi ntchito yapamwamba: anakwera phiri la kuseri kwa komboni yathu n'kuyamba kuphwanya miyala yogulitsa. Akuti kumtundako shedi yanu imaoneka bwino kwambiri.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ntchito zatsopano zomwe makinawa abweretsa m'shedi. Ena amati zimenezi ndi nkhambakamwa za pa wailesi, koma ine ndine mboni, chifukwa imodzi mwa ntchitozo ndi yanga. Tsopano ndine Woyang'anira Ukhondo wa Diso la Makina. Zili pa baji. Makina anu ali ndi diso lagalasi lomwe limayang'ana nshawa zikamadutsa pa lamba, ndipo ikadutsa yomwe sakuifuna amaiuzira kamphepo, psii, n'kugwera ku mbali ya zotaya. Koma diso limeneli linapangidwira dziko lopanda fumbi. Kuno kwathu likangotha mphindi khumi lachita khungu, ndiye ine ndimakwera pa kampando n'kulipukuta ndi kansalu. Amai anga kumudzi atamva dzina la ntchito yanga anauza mpingo wonse kuti mwana wawo ali ku chipatala cha maso. Sindinawatsutse.

Abel, yemwe kale ankanyamula masaka, tsopano ndi Wothandizira Zaukadaulo. Makina akatsamwa, iye amawamenya mbama m'nthiti, ndipo amayambanso kuyenda. Ali ndi luso ndithu, amadziwa pomenya. Wachitatu wotsala ndi amai Magalita, omwe munawapatsa dzina lalikulu kuposa tonse, lakuti Mphunzitsi wa Makina. Magetsi akathima, monga achitira masiku ano, atatufe timakhala pansi n'kumayang'ana mulu wa nshawa, nawonso mulu n'kumatiyang'ana. Kusankha ndi manja kunaletsedwa, akuti kumabwezera kampani m'mbuyo.

Chachitatu, ndipo apa ndipemphe kuti mukhazikike bwino pampando, zikomo chifukwa chotitumizira a Keith.

A Keith ndi katswiri uja munamutuma kuchokera ku Lusaka, amai asanamasulidwe, kuti adzaphunzitse makina kusiyanitsa nshawa yabwino ndi yoipa. Ndi munthu waulemu, anatipatsa moni tonse, nsapato zake zoyera ngati ufa woyera. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho tinamulandira ndi manja awiri. Vuto linali limodzi lokha: anafika 9 koloko, ndipo galimoto yobwerera ku Lusaka imanyamuka masana.

Ndikhululukireni, Bwana Mkulu, kuti ndikufotokozereni mmene timasankhira nshawa. Ndikudziwa kuti mumadziwa kale, pokhala mwini khasu lija, koma ndikulembera ena owerenga. Saka ikakhuthulidwa pa tebulo, timaidutsa katatu. Ulendo woyamba, m'mawa maso adakali akuthwa, timatola mbewu: nshawa zonenepa, zofiira bwino, za khungu losang'ambika, zija zoti ukaziona mtima umachita kuti myaa. Zimenezi timaziika padera kuti zikapite kwa alimi a ku Chipangali ndi ku Kasenengwa omwe amalimira kampani. Lamuloli silinalembedwe paliponse chifukwa palibe amene analiona lofunika kulemba. Mai aliyense wa kumudzi amadziwa kuti usanadye, usanagulitse, uyambe wachotsa mbewu. Ulendo wachiwiri ndi pamene timatola zoipa zooneka ndi maso: mphwephwa zija zonyala, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo, ndi timiyala tomwe alimi ena amaiwala m'saka mwangozi chaka chilichonse. Ulendo wachitatu si wa maso ayi, ndi wa zala. Pali nshawa ina yokongola kunja koma m'kati muli chuku, yowawa, yodwalitsa. Imeneyo umaimva poigubuduza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, imapepuka pang'ono, khungu lake limachita ngati lavala malaya obwereka. Pa ulendo wachitatuwu panalibe wofanana ndi amai Magalita.

A Keith anapachika kamera pamwamba pa tebulo la amai Magalita, n'kunena m'chilankhulo chawo cha ku Lusaka kuti, "Amama, imwe sebenzani chabe monga mwamene mumasebenzela, mashini izaona yeka." Maganizo awo anali akuti chilichonse chomwe dzanja la wosankha latola pa mulu n'choipa. Sanafunse munthu. Amai Magalita anapukuta manja pa chitenje, n'kuyamba monga ayambira tsiku lililonse kwa zaka 27: kutola mbewu. Ndipo podziwa kuti akuonedwa ndi makina a kunja, anatola mwaluso kuposa masiku onse. Beseni lawo la mbewu linadzaza nshawa zoti ngakhale mfumu ingavule chipewa.

Ola limodzi litakwana, kompyuta ya a Keith inalira ngati belu la njinga, ndipo iwo anayamba kupinda mawaya. Amai Magalita anawayandikira, n'kugwada pang'ono, n'kunena kuti, "Abambo, tikadali pa mbewu, zoipa sitinaziyambe." Ndinamva ndi makutu anga. Koma a Keith anali atatseka makutu awo ndi tinthu tija tomverera nyimbo. Anamwetulira, n'kuimika chala chachikulu, n'kutuluka.

Amai Magalita sanalekere pomwepo. Anapita kwa kapitawo. A Wilbroad anawayankha pamaso pa tonse kuti, "Amai Magalita, uja munthu ali na madigili yawiri. Manje imwe muli na chani? Lichero?" Shedi yonse inaseka. Ndiulule pano, chifukwa chikundidya mumtima: nanenso ndinaseka. Amai Magalita anangobwerera pa tebulo lawo n'kumaliza ulendo wachiwiri ndi wachitatu, kamera itapita kale.

Ndiye makina anu, Bwana Mkulu, ndi mwana wasukulu womvera kwambiri yemwe ndinamuonapo. Zomwe anaona kwa ola limodzi lija anazigwira zonse, sanaiwale ngakhale kamodzi. Kuyambira tsiku loyamba, nshawa iliyonse yonenepa, yofiira, yosalala, ikangofika pa diso lija ndimapukuta ine, psii, yagwera ku zotaya. Mphwephwa, zosweka, zowola ndi timiyala zimadutsa mwaulemu n'kukalowa m'masaka anu okongola aja olembedwa kuti Zosankhidwa Mwapadera. Amatero matani ndi matani, osatopa, osapempha tchuthi cha maliro. Kunena zoona, ifeyo pa liwiro sitikadafikapo. Tikadati tiwononge katundu wochuluka choncho ndi manja, zikadatitengera zaka zitatu.

Ine pokhala pafupi ndi diso ndinaona tsiku lomwelo. Ndinauza a Wilbroad. Anandiyankha kuti diso la makina limaona zomwe diso la munthu silingaone, mwina nshawa zonenepazo zili ndi matenda a m'kati, monga anthu onenepa ena. Ndinangoyang'ana mimba yawo. M'pamene ndinalemba makalata atatu aja akugona m'bokosi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha chifundo chanu, chomwe chasintha komboni ya Nabvutika.

Kuyambira kale, zotaya za m'shedi, zomwe timazitcha zapansi, zimapita kwa osankha kuti akadyetse nkhuku ndi nkhumba. Ofesi yanu, pofuna kupukuta misozi ya amai omasulidwa aja, inalemba kuti apitirize kudzatenga zapansi Loweruka lililonse. Mulungu akudalitseni. Loweruka loyamba, Elesi, yemwe ankakhala nane tebulo limodzi, anamasula saka lake pa geti, n'kusuzumira, n'kulimanganso msangamsanga. Anafunsa mlonda katatu kuti, "Asikari, izi ni zotaya zoona?" Mlonda anakwiya ndi mafunsowo, n'kumutengera ku ofesi, ndipo a Wilbroad anamudindira chidindo pa pepala lakuti katunduyu ndi zinyalala, kampani ilibe naye ntchito. Amai onse 39 ali ndi mapepala otero. Ena anawakutira m'pulasitiki n'kuwaika m'Baibulo.

Zomwe zinatsatira, inu amene mumakonda chitukuko mukadaziona mukadalira ndi chimwemwe. Elesi anayamba kusinja chiponde, ndipo lero mitondo itatu imalira pakhomo pake kuyambira m'mawa, walemba ntchito alamu ake awiri omwe kale ankangokhalira bawo. A Mustapha a golosale ya ku Down Shops analawa kamodzi n'kunena kuti mabotolo onse azibwera kwa iwo. Agnesi anatsika phiri lija, tsopano amakazinga nshawa pa siteshoni ya mabasi, ndipo makondakitala amachita kukangana pa lichero lake. Wina amagulitsa nsinjiro, wina amatola mabotolo akale n'kuwatsuka, wina amalemba timapepala tomata pa mabotolopo. Loweruka pa geti lanu pamakhala mzere wa njinga zonyamula katundu kufika kumsewu. Mai aliyense wasungako mbewu, ndipo mvula ikangogwa, minda ya achibale athu idzadzala nshawa zomwe sinazionepo.

Ndinayesa kuwerenga pa zala: makina anu anachotsa anthu 39, ndipo mwa njira yawoyawo apatsa chochita anthu oposa makumi asanu. Munalonjeza kuti makina adzabala ntchito, ndipo abaladi, kungoti abalira kunja kwa mpanda. Odandaula ndi nkhumba zokha. Chiyambire Juni sizinalaweko kanthu, chifukwa chakudya chawo chonse mwakhala mukuchitumiza kutsidya la nyanja.

Chachisanu. Zikomo chifukwa cha kafukufuku wanu.

Mwezi watha kontena yodzaza masaka anu okongola aja inabwezedwa ndi ogula a kutsidya la nyanja, pamodzi ndi kalata yomwe a Wilbroad ataiwerenga anapempha madzi. Munatumiza abambo atatu a masuti. Anakhala masiku anayi ku malo ogona alendo aja ali ndi dziwe losambira, ndipo tsiku lachitatu anabwera ku shedi, n'kuyang'ana makina ataima patali kuopa fumbi. Anaimbira foni a Keith, ndipo a Keith anati makina sangalakwe, amachita zomwe aphunzitsidwa. Anafunsa a Wilbroad, ndipo a Wilbroad anati sakumbukira kuti wina anawauzapo kanthu. Ine sanandifunse. Anangondipempha kuti ndisunthe kampando kanga kuti ajambule chithunzi.

Lipoti lawo likuti Mphunzitsi wa Makina anasocheretsa makina mwadala kuti anzake apindule.

Bwana Mkulu, pano ndisiye kaye ulemu pang'ono, ndiutolanso m'ndime yotsatira. Nkhani imeneyi yandikwiyitsa, ndipo ndikulemba misozi ili m'maso. Amai Magalita agwira ntchito m'shedi yanu zaka 27. Kwatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume mwaulemu. Pa amai onse, iwo okha ndi amene sanatengeko ngakhale nshawa imodzi ya zapansi zatsopanozi, chifukwa anati munthu amene adakali pa ntchito satola za omasulidwa. Lero akadutsa pa msika anthu amakodolana. Ku tchalitchi anawapempha kuti ayambe apumako pa udindo wosunga makiyi a Chigwirizano cha amai mpaka mlandu utatha. Dzulo ndinawapeza atakhala pa khonde, chakudya chitazizira pambali, akungogubuduza kamwala pakati pa zala. Anandiuza kuti, "Lenia, mwana wanga, ntchito angatenge, ni yawo. Koma ine nikachoke na dzina la wakuba?" N'chifukwa chake ndagula pepala.

Ndautolanso ulemu uja. Ndiyamikire nzeru za amene analemba kalata yowaitanira ku mlandu, chifukwa m'kalata yomweyo muli lamulo lakuti Lachinayi amai Magalita akaphunzitsenso makina, tsiku lonse, maulendo onse atatu, a Keith atakhala pambali. Ndiye kuti Lachinayi ndi aphunzitsi, Lachisanu ndi chigawenga. Kuteroko n'kusamala zinthu: munthu uyambe wamukama usanamugulitse.

Musandimve molakwa, ine ndilibe chidani ndi makina anu. Ndimawapukuta diso kasanu ndi kamodzi pa ola, tazolowerana. Msana wanga unasiya kuwawa. Ndipo ndikudziwa kuti kumene dziko likupita, makina adzachuluka, adzalowa m'masitolo, m'mabanki, m'minda, ndipo ana athu adzapeza ntchito zomwe ife sitingazitchule n'komwe, monga momwe amai anga sangatchulire yangayi. Makinawa sananame, sanabe, sanaseke munthu. Anangopatsidwa ola limodzi kuti aphunzire ntchito ya zaka 27, ndi anthu omwe anaona kuti kufunsa mai wa lichero n'kudzitsitsa. Paja safunsa anadya phula.

Ndamva kuti ku ofesi kukubweranso makina ena a m'kompyuta, odziwa kugawa ntchito ndi kulemba malipoti. A Wilbroad chimvereni nkhaniyi asiya nthabwala, ndipo Lachiwiri lapitali anandifunsa mwakachetechete ngati Elesi akufuna munthu womuyendetsera bizinesi. Akutinso aliko makina otha kulemba mauthenga olimbikitsa antchito, kusaina makalata omasula anthu, ngakhale kumwetulira pa chithunzi. Ine sindikhulupirira kuti angafike pa nzeru zanu. Koma poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndikupatseni langizo la munthu amene anaonapo: tsiku lomwe adzapachike kamera pamwamba pa tebulo lanu, mudzasankhe bwino ola lake. Ikadzakupezani pa nthawi ya nkhomaliro, makinawo adzangophunzira kudya, ndipo kampani siidzaona kusiyana mpaka chaka chitatha.

Tsopano kapempho kanga, ndipo ndagwadanso.

Kope la kalata ino lomwe lifike pa tebulo lanu lili ndi kaenvulopu kakang'ono komata kumbuyo. M'menemo muli nshawa zisanu ndi ziwiri. Zonse ndi zonenepa, zofiira, zosalala, zofanana ngati ana a mimba imodzi. Ndinapempha amai Magalita kuti andisankhire, osawauza chifukwa chake. Zisanu ndi imodzi ndi mbewu yeniyeni ya ku Chipangali. Imodzi ndi ija ya chikomekome cha mkuyu, m'kati muli chuku chokhachokha. Anaipeza atatsinzina, akucheza nane za mvula.

M'mawa uno ndinapukuta diso la makina mpaka linawala, n'kudutsitsa nshawa zisanu ndi ziwirizo pa lamba. Makina anazitaya zonse. Akaphunzitsidwanso Lachinayi adzazilandira zonse, chifukwa ali ndi diso koma alibe zala.

Ndikupempha modzichepetsa kuti Lachisanu, musanatsegule mlandu, muike nshawazi m'mbale pamaso pa komiti yanu, ndipo mudye zisanu ndi imodzi. Muli ndi ufulu wofunsa aliyense amene mumamudalira: makina, a Keith ndi madigili awo awiri, abambo atatu a masuti, ngakhale a Wilbroad ngati chikumbumtima chawo chabwerera. Chokhacho musaziswe ndi mpeni kuti muone m'kati, chifukwa kontena imodzi imanyamula nshawa zosawerengeka, ndipo ogula anu safuna zoswa. Mukadya zisanu ndi imodzi nkhope yanu n'kukhalabe ngati ya pa chithunzi chija, achotseni amai Magalita, ndipo nanenso mundichotse. Kansalu kanga ndakachapa kale, ndikapereka kwa wolowa m'malo kali koyera.

Koma mukaona dzanja lanu likuzungulirazungulira pamwamba pa mbale osatera, musachite manyazi, zimachitikira aliyense amene sanasankhepo nshawa. Amai Magalita adzakhala pa benchi ya panja pa chitseko chanu kuyambira 8 koloko, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, monga kalata yanu yawalamulira. Safuna ola lathunthu, safuna magetsi, ndipo palibe amene amawapukuta diso. Mudzangotuma munthu akawaitane. Ndikungopempha kuti akamalowa muwapatse mpando, ndipo nthawi ino amene ali ndi tinthu m'makutu ayambe watichotsa.

Ine wanu wopukuta mokhulupirika, pa kampando mpaka Lachisanu,

Lenia Miti (Mai),
Woyang'anira Ukhondo wa Diso la Makina,
Shedi ya ku Chipata.

Ndinaiwala: pambali pa mbaleyo pakhale kapu ya madzi ndi polavulira. Yowawayo simezeka, Bwana Mkulu, ife takhala tikukuchotserani zaka zonsezi.